Malata Awiri a Abiti Saidi

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ine, munthu amene ndinagwira ntchito m'masitolo a kampani imodzi moyo wanga wonse, ndinapuma ndisanalawe umanijala wa sitolo yaikulu. Amayi anu amayankha mwachidule kuti ndine wamakani. Sakunama, koma sakunena zonse. Tsono popeza masiku ano bwana amene wanditsalira ndi mawondo angawa, ndati ndilembe nkhaniyi, kuti mukafuna kundiseka muzindiseka mukudziwa chimene chinachitika. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndilumpha. Ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense.

Monkey Bay, pakati pa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki m'sitolo ya kampani ku Monkey Bay. Manijala wathu anali a Mbewe, bambo wamfupi, wamimba, amene ankayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kutchalitchi. Tsiku loyamba sanandifunse za satifiketi imene ndinainyamula mosamala m'pulasitiki. Anang'amba katoni ya sopo, n'kundipatsa cholembera chachikulu cha inki yakuda, amvekere, "Lemba manambala onse, kuyambira wani." Ndinalemba mothamanga kuti aone kuti sukulu ndinapitako. Anayang'ana katoniyo nthawi yaitali.

"Uyu ndi seveni kapena wani?" anandifunsa.

"Seveni, bwana."

"Ukudziwa ndiwe wekha. Mayi wa ku Nkope adzaona wani, adzabwera ndi ndalama za wani, ndipo manyazi amene adzachite pakauntala pano adzakhala olemba iwe. Bwereza."

Ndinabwereza masiku atatu. Mumtima ndinkati mdalayu ndi wovuta, munthu wa folomu folo ngati ine n'kumandilembetsa manambala ngati wa sitandade wani. Koma m'kupita kwa masabata ndinayamba kuona zimene ankatanthauza. Panali chizolowezi china chimene kwathu sindinkachilabadira. Munthu ankalowa m'sitolo, kupereka moni, kukaima patsogolo pa ndowa kapena nsalu, kuyang'anitsitsa katoni ya mtengo, milomo ikugwedezeka, kenako n'kutuluka osagula kanthu. Poyamba ndinkayesa akuba amene akuzonda. A Mbewe anandiseka. Anati, "Ameneyo wadzaona mtengo. Akagulitsa usipa wake adzabwera. Anthu ambiri olowa muno malemba sawadziwa, koma manambala amawadziwa kuposa iwe. Akaona nambala ija amapita nayo kwawo m'mutu, amagona nayo, amakambirana nayo ndi amuna awo. Ukalemba pakatoni, walonjeza."

Zinalidi choncho. Pakapita sabata kapena mwezi, mayi uja ankabweranso, ndalama zitamangidwa pamfundo ya chitenje, zowerengedwa kale kunyumba mpaka tambala yomaliza. Mfundoyo sinkamasulidwa panjira kapena pakhomo, koma pakauntala pokha. Ankaika ndalama, kutenga ndowa yake, n'kutuluka mutu uli m'mwamba, osafunsa funso ngakhale limodzi. Ndinayamba kuzikonda zimenezo. Munthu wosauka ankagula ngati bwana, chifukwa panalibe choti apemphe kwa aliyense.

Zaka zimenezo katundu ankasowa pafupipafupi. Shuga akasowa, mzere unkafika kumsewu, ndipo asilikali a pamadzi, aphunzitsi ndi asodzi ankaima pamodzi mopanda kusiyanitsa maudindo. Ogulitsa ena ankabisa shuga kuseri kuti akweze mtengo. A Mbewe ankasiya katoni ya mtengo pashelefu yopanda kanthu, kuti aliyense aone kuti shuga akafika adzagula pa mtengo womwewo. Likulu likalamula kuti mitengo ikwere, ankaima okha pakhomo n'kumauza aliyense wolowa, ngati akulengeza maliro. Za msonkho masiku amenewo sitinkaziona n'komwe. Unkalipiridwa kutali, katundu asanatipeze, ndipo unkafika kwa ife utasungunuka kale mumtengo ngati mchere m'ndiwo.

Ndi ku Monkey Bay komweko kumene ndinapeza amayi anu, mwana wa aphunzitsi a ku Nkope. Iwo amati anabwera kudzaona mtengo wa ambulera. Anabwera kasanu, ndipo ambulerayo sanagule mpaka lero.

Mangochi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

A Mbewe atapuma ndinazungulira masitolo angapo, mpaka ndinafika pa boma la Mangochi ngati wachiwiri kwa manijala. Inali sitolo yaikulu, yogulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka simenti ndi malata. Tinali ndi nyumba ya kampani ya zipinda zitatu, ya magetsi ndi mpope pakhomo. Manijala anali atatsala pang'ono kupuma, ndipo aliyense ankadziwa kuti mpandowo unali wanga. Inu awiri akuluakulu munali kusukulu yogonera komweko, ndipo amayi anu anali oyembekezera mwana wathu womaliza. Ndinkayenda ngati munthu amene zake zayera.

Nthawi imeneyo malamulo a msonkho anasintha, moti msonkho wa pa katundu unayamba kutoleredwa m'masitolo mwathu momwe n'kumaoneka parisiti. Nthawi yomweyonso tinalandira bwana watsopano woyang'anira masitolo onse a chigawo chathu, a Matola, amene anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ku Amereka. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Ndi iwo amene anatiikira mafani m'sitolo, ndi iwo amene anayamba kutilipira tikagwira ntchito mopitiriza nthawi, ndipo ankadziwa mayina a ana a wantchito aliyense. Vuto lawo linali limodzi: pakamwa pawo sipankatuluka mawu atatu popanda mawu akuti "kunja". Kunja amasesa chonchi, kunja amamwetulira chonchi. Pasanathe mwezi, tonse tinkawatchula kumbali kuti a Kunja.

Tsiku lina anatisonkhanitsa sitolo isanatsegulidwe. "Kuyambira Lolemba," anatero, "pashelefu tizilemba mtengo wathu wokha. Msonkho uziwonjezeredwa pakauntala polipira. Kunja amatero."

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Bwana, nanga munthu akabwera ndi ndalama zongokwanira zimene waona pashelefu?"

"Aphunzira, a Kachingwe. Ku Amereka ngakhale mwana amadziwa kuti pakauntala pamawonjezeka kenakake. Ndipo n'chilungamo: munthu aziona kuti za sitolo ndi izi, za boma ndi izi. Akakwiya azikwiyira boma, osati ife. Komanso taonani anzathu a patsidya pa msewu. Mitengo yathu ikaoneka yotsika, anthu adzakhamukira kuno. Pansi pa nambala mulembe timawu tonena kuti msonkho sunaphatikizidwe. Sitikubisa kanthu."

Timawu timeneto tinali ta Chingerezi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti theka la anthu olowa m'sitolomo silikanatiwerenga ngakhale tikanakhala ta Chiyao. Ndinadziwa, koma ndinakhala chete. Ndinaganiza za nyumba ya magetsi ija ndi mpando umene unkandidikira. Ndinatenga cholembera changa n'kulemba makatoni onse ndi dzanja langa lokongola lija, limene a Mbewe analiwongola. Chimenechi ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Panali mayi wina wa ku Katuli amene ndinkamudziwa nkhope, Abiti Saidi, wamasiye, wolima nandolo ndi mtedza. Kwa zaka ziwiri ankati akapeza mpata wofika ku boma, ankalowa kudzaona mtengo wa malata. Ankaima, kuwerenga ndi zala, kupukusa mutu, n'kundiuza kuti, "Chaka chamawa, Che Kalaliki, Mulungu akalola." Sabata yachiwiri ya makatoni atsopano analowanso. Ndinawaona ndili chapatali, ndikuonetsa a Matola katundu amene anangofika. Mayiwo anayang'ana katoni, anawerenga ndi zala, anabwerezanso, ndipo nkhope yawo inawala. Ndinadziwa chimene aona: mtengo watsika. Miyendo yanga inkafuna kupita kukawauza, koma bwana anali pambali panga akulankhula, ndipo ndinati ndiwapeza akamatuluka. Pamene ndinkacheuka anali atapita.

Anabweranso patapita masiku khumi, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kale kusonkhana kumapiri a kum'mawa. Anabwera ndi mchimwene wawo, Che Yusufu, kalipentala amene anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo anali atalipira kale malo pa galimoto ya matola imene inkadikira panja. Anaitanitsa malata khumi ndi awiri. Abiti Saidi anamasula kansalu kamene anamanga m'chiuno, n'kuyala ndalama pakauntala, zosanjidwa bwino, zina zonunkha utsi. Mayi wa pakauntala atatchula mtengo wonse, ndalamazo zinkakwana malata khumi okha.

Ndinkayembekezera phokoso, chifukwa masabata amenewo tinali titazolowera kutchedwa akuba. Koma Abiti Saidi sanakalipe. Anasonkhanitsa ndalama zija n'kuyambanso kuwerenga, akunyowetsa chala ndi malovu. Anawerenga kachiwiri, kachitatu, anthu a pamzere akuyang'ana. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa mawu, "Pepani, Che Kalaliki, ndakutayitsani nthawi. Ndakalamba, mutu wayamba kutaya manambala." Ana anga, munthu akanditukwana ndimadziwa choyankha. Koma mayi ameneyu ankapepesa kwa ine chifukwa chokhulupirira dzanja langa.

Che Yusufu ndi amene anapsa mtima. "Achimwene," anatero, "denga la udzu tasasula dzana. Anabwera kunyumba akuti mtengo watsika, ndalama zakwana, tisadikirenso chaka china. Mitengo ya denga ndakhoma kale, ndayeza, pakufunika khumi ndi awiri. Panopa katundu wawo ali pamtetete. Ine ndakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri; kumeneko msonkho uliko, koma uli m'kati, chimene waona ndi chimene ulipira. Ku Mozambiki, kuseri kwa phiri kwathuku, chimodzimodzi. Inu mukutsanzira dziko liti?"

Ndinapita pafupi ndi mayiwo n'kunena kuti, "Mayi, mwawerenga bwino. Cholakwika chili pakatoni paja, ndipo ndinalemba ndine." M'thumba ndinali ndi envelopu ya ndalama zimene amayi anu anandipatsa m'mawa womwewo kuti ndigule beseni, matewera ndi bulangete la mwana amene tinkamuyembekezera. Ndinazungulira kuseri kwa kauntala, ndinaika zoperewerazo mwakachetechete, n'kuuza onyamula katundu kuti akweze malata khumi ndi awiri. Ndinkayesa kuti Abiti Saidi sanaone. Anatenga risiti yawo, anandiyang'ana pang'ono, n'kutuluka.

Madzulo ndinafika kunyumba chimanjamanja. Amayi anu anamvetsera nkhani yonse atagwira m'chiuno. "Ndiye mwanayu tidzamufunditsa malata?" anandifunsa. Ndinati pepani. Anakhala pansi, anapuma, kenako anati, "Za beseni zisiyeni, ndibwereka. Ine funso langa ndi lina. Mawa akabwera wina, mudzamuguliranso? Malipiro anuwo ndi malata angati?" Ndinati ndikasintha makatoni aja popanda chilolezo, umanijala wapita, mwina ntchito yomwe, ndipo nyumbayi tituluka iwo ali ndi pakati potopa. "Ine ndinabwera kasanu kudzaona ambulera chifukwa anthu ankati mnyamata wa m'sitolomo manambala ake sanama," anatero. "Nyumba ya magetsi sindinaione pakatoni."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinatenga makiyi a sitolo. Amayi anu anakhala pa thumba la mpunga n'kumadula makatoni ndi sizasi, ine ndikuwerengera msonkho wa chinthu chilichonse n'kulemba mtengo wonse ndi manambala akuluakulu. Pansi pake ndinkalemba m'Chichewa kuti "msonkho uli momwemo", kuti wofuna kudziwa za boma adziwe ndithu. Tinamaliza dzuwa litapendeka, zala zanga zitada bii ndi inki. Mantha ndinali nawo, ndisaname, koma mtima unali utakhala m'malo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu.

A Matola anafika Lolemba cha m'ma teni. Anazungulira sitolo yonse manja ali kumbuyo, kenako anandiitanira muofesi.

"Ndani wakulolani?"

"Palibe, bwana."

"Mukudziwa kuti mwandichititsa manyazi pamaso pa antchito onse?"

"Ndikudziwa, bwana, ndipo pepani. Koma Lachisanu mayi wina anachita manyazi pamaso pa sitolo yonse, iye asanalakwe kanthu."

Ndinawafotokozera za denga losasulidwa lija. Anamvetsera, ndipo ndinaona kuti zawakhudza, chifukwa anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Koma anali atalonjeza kale kulikulu kuti njira yawoyo ibweretsa phindu, ndipo munthu wophunzira akalonjeza pamaso pa mabwana, kubwerera kumamuvuta kuposa ife. "Bwezeretsani makatoni akale pofika mawa," anatero, "ndipo ine ndiiwala kuti zinachitika. Mpando uja ukadali wanu."

"Bwana, dzanja langa silingalembenso amenewo. Muuze wina alembe."

Kalata inafika sabata yomweyo. Sanandichotse ntchito, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti a Matola anakana kutero chifukwa cha pakati pa amayi anu. Anandisamutsira ku Katuli, ku kasitolo kakang'ono ka mchere, sopo ndi palafini, kumene antchito ankatumizidwa akalakwa. Umanijala unapita kwa wina. Nyumba tinapatsidwa masabata awiri kuti tituluke.

Katuli, zaka zotsatira

Tinanyamuka mvula itayamba. Lole ya kampani inatitimira m'matope kawiri, ndipo amayi anu ankaluma mlomo pa bampu iliyonse osadandaula, zimene zinkandipweteka kuposa akanadandaula. Titafika tinapeza kuti nyumba imene kalata inkanena inali itagwa khoma chaka chapitacho. Tinatsitsira katundu pakhonde la sitolo, mipando yathu ya pa boma ikunyowa, ndipo masiku awiri tinagona kuseri kwa kauntala pakati pa matumba a mchere. Ndinkayang'ana amayi anu akuvutika kutembenuka pamphasa n'kumadzifunsa ngati makani anga anali oyenera zonsezi.

Poti ndinalibe china chochita, tsiku lachiwirilo ndinalemba makatoni atsopano a mitengo, chifukwa amene ndinawapeza anali ofufutika. M'mawa wa tsiku lachitatu kunalowa mayi wofunda mpango, anapereka moni osandiyang'ana, n'kukaima patsogolo pa mchere. Anayang'ana katoniyo, anapendeketsa mutu, kenako ananena yekha mokweza, "Manambala awa ndikuwadziwa." Atatembenuka tinaonana maso ndi maso. Anali Abiti Saidi.

"Che Kalaliki! Mukutani kuno kutchire?"

Ndinayesa kuzungulira, ndikuti kampani imasamutsa anthu nthawi zonse. Koma anali ataona kale mphasa kuseri kwa kauntala, ndi amayi anu atakhala pamenepo. Anatuluka, ndipo pasanathe ola anabwera ndi Che Yusufu ndi anthu ena, aliyense n'kusenza chimene akanatha. Ine ndinkakana mwaulemu, ndikuti sitingakhale mtolo kwa mayi wamasiye. Palibe anandimvera.

Nyumba yawo inali ya njerwa zosawotcha, yaitali, denga likung'anima. Anatilowetsa, n'kuloza kudenga ndi chala, kuwerenga malata limodzilimodzi kuyambira kukhomo. Atafika pa khumi anaima. Kutsogolo kwake kunali kachipinda kakumapeto. "Khumi awa ndi anga, ndinagula ndi nandolo wanga," anatero. "Awiri awo ndi anu. Munkayesa sindinaone? Malemba sindidziwa, koma kuwerenga ndimatha, munanena nokha. Chipinda chimenecho chili pansi pa malata anu. Sindikukubwerekani, lowani m'nyumba mwanu." Amayi anu, amene sanalire pamene tinkatuluka m'nyumba ya magetsi, analira pamenepo.

Iwe Halima, unabadwira m'chipinda chimenecho patapita masabata atatu, mvula ikuwomba pa malata awiri aja moti kulira kwako sitinakumve msanga. Mtsinje unali utadzaza, kuchipatala kunali kosafikika, ndipo amene anakulandira ndi Abiti Saidi ndi anzawo awiri. Beseni linali lawo, bulangete linali lawo. Dzinalo anakupatsa ndi iwo, ndipo tsiku la ubatizo abusa atakweza nsidze, amayi ako anawauza kuti dzina limeneli lili ndi mwini wake, alembe momwemo. Tinakhala m'chipindacho chaka chathunthu tisanamange yathu pafupi pomwepo.

Ku boma njira ya a Matola sinakhalitse. Anthu anayamba kuwolokera kusitolo za patsidya pa msewu, ndipo likulu linalamula kuti mitengo izilembedwa yonse ngati kale. Ine sanandiitanenso, kampani siikonda kukumbutsidwa kuti wamng'ono ndiye ankanena zoona. Koma patapita zaka a Matola anafika ku Katuli kudzayendera, imvi zitayamba. Anazungulira kasitolo kanga manja ali kumbuyo monga kale, n'kuima pa katoni ya sopo. "Manambala anu akadali okongola, a Kachingwe," anatero. Anasiya phukusi la mabuku a iwe Halima, dzina lako atalilemba molondola. Kupepesa kwa anthu ena kumabwera choncho, ndipo ndinakulandira. Anandifunsa ngati ndikufuna kubwerera ku boma. Ndinati ayi, kuno anthu akadzaona mtengo amapita nawo kwawo osacheuka, ndipo ine ndazolowera.

Ku Amereka, nditapuma ntchito

Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti a Matola ankakokomeza. Ndinkati palibe dziko la anthu anzeru limene lingalembe mtengo wina pashelefu n'kulipiritsa wina pakauntala. Ndiye Halima anapeza mwayi wa sukulu ya unamwino ku Amereka, ndipo pomaliza maphunziro anatitumizira matikiti kuti tikaone. Pochoka ndinapita kukatsanzikana ndi Abiti Saidi, amene tsopano maso achita khungu ndipo sayendanso patali. Ndinawafunsa chimene ndiwabweretsere. Anati, "Mundibweretsere mwana wanga." Nditaumirira anati mpango woyera wovala popemphera ungakhale bwino.

Mpangowo ndinaupeza m'sitolo ina yaikulu ngati bwalo la mpira. Ndinachita monga mwa kwathu: ndinaona mtengo, ndinapita nawo kunyumba m'mutu, ndinawerenga madola anga pabedi n'kuika okwanira ndendende mu envelopu. Halima ankafuna kulipira ndi khadi lake, ine ndinakana. Mphatso imeneyi inayenera kuchokera m'thumba langa. M'mawa mwake tinabwerera, ndinatenga mpango, n'kuima pamzere mutu uli m'mwamba.

Mtsikana wa pakauntala anatchula nambala ina. Ndinayang'ana pa makina, ndinayang'ana kapepala ka pampango, sizinafanane. Za a Matola sizinandifike n'komwe m'mutu nthawi imeneyo, ngakhale kuti pambuyo pake ndinawapepesa mumtima: ankanena zoona, kumeneko amaterodi, ndipo palibe amene amadabwa chifukwa onse anakula akudziwa. Chimene chinandifika m'mutu n'chakuti ndalakwitsa. Ndinayala madola aja pakauntala n'kuyamba kuwerenga, ndikunyowetsa chala. Ndinawerenga kachiwiri. Kumbuyo kwanga anthu ankasuntha miyendo. Ine, amene ndinalemba mitengo zaka zonse za moyo wanga, ndinamva makutu akutentha, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, ndinene kuti ndakalamba.

Pamenepo dzanja linagwira mkono wanga. Halima anaika tindalama tachitsulo pambali pa madola anga, mwakachetechete, ngati kuti sindikuona. Nkhani ya malata ankaidziwa kuyambira ali wamng'ono, chifukwa Abiti Saidi ankamufotokozera akumuluka tsitsi. Anawerama n'kundinong'oneza m'Chichewa, pakati pa sitolo ya anthu achilendo:

"Ababa, mwawerenga bwino."

Mpangowo ndinakapereka ndekha ku Katuli. Abiti Saidi anaupapasa ndi zala, anaununkhiza, n'kundifunsa ngati ndalama zinakwana. Ndinati zinaperewera pang'ono, koma mwana wanu anawonjezera.